Msampha wa pa nyuzipepala yanga

Anthu akandifunsa chifukwa chimene ndimalemberabe kanyuzipepala kopanda owerenga, ndimangoseka n'kusintha nkhani. Yankho lake lili ndi manyazi mkati, ndipo linatsala pang'ono kundipinditsa mphasa pamudzi wa eni. Koma lero ndinena, inu museke mpaka nthiti ziwawe.

Zinachitika ku Lifuwu, titangolowa kumene m'matipate. Nthawi imeneyo manyuzipepala anangoti mbwee ngati bowa, aliyense wokhala ndi cholembera anasanduka mkonzi. Ine ndinali mkamwini wochokera ku Dowa, ntchito yanga kumata machubu a njinga pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa njira yopita ku sikimu ya mpunga. Koma mumtima ndinkadziona munthu wa maganizo akuluakulu amene dziko linkangomuphonya. Pakamwa pa anthu patamasuka, ndinati nanenso ndimveke.

Ndiye ndinkathothola mapepala apakati pa kope, n'kulemba dzina pamwamba ndi zilembo zonenepa: MLUZU. Munkakhala ndale, mtengo wa usipa, madandaulo a ngalande zotsekeka, ndi china chilichonse chimene chandipsetsa mtima tsikulo. Poweruka madzulo ndinkakhomera pepalalo pamtengo paja ndi timisomali.

Owerenga? (Musandikumbutse.) Asodzi ankaima, n'kuligwiragwira, n'kufunsa ngati lingakulunge fodya. Mkazi wanga, Nabanda, ankangoti, "Bambo a Chisomo, nthawi imene mwataya apa mukanamata machubu angati?"

Kenako pepala linayamba kusowa. Ndikafika m'mawa, misomali ilipo, pepala palibe. Munthu wanzeru akanaona kuti silinkang'ambidwa, linkachotsedwa mosamala. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine kudekha ndinalibe. Maganizo anga anathamangira kwa a Jailosi, bambo amene kale ankatiumiriza kugula makhadi a chipani pakhomo la msika. Ndinati eya, otsalira aja ayamba kunjenjemera ndi cholembera changa. Kunena zoona, ndinasangalala. Mkonzi wopanda mdani ndi mkonzi wanji?

Ndinalemba ndemanga yoyaka moto: "Iwe mbava ya ufulu, kadzidzi woopa kuwala, nthawi yako inatha. Bwera masana ngati uli munthu." M'mawa mwake nayonso inasowa. Apa magazi anandikwera m'mutu, ndipo ndinakumbukira chitedze chimene chinayanga kuseri kwa sikimu.

Ndinapita ndi kampeni ndi bokosi la machesi kukapala ubweya wake. Ndili mkati mopala, mwera unatembenuka n'kundithira pang'ono m'khosi. Ndinabwerako ndikuvina popanda ng'oma. (Limeneli linali chenjezo la Mulungu, koma ine ndinati ndiye kuti mankhwala ndi amphamvu.) Madzulo ndinalemba tsamba latsopano, ndinalipinda pawiri, ndinawaza chitedze mkati, n'kulikhoma.

Kutacha, pepala palibe. Ndinakhala pansi pa mango ngati mfumu, kudikira kuona a Jailosi akudzikanda. Posakhalitsa anatulukiradi, akukankha njinga yophwa, mtima uli m'malo.

"Mwadzuka bwanji amisiri? Tandimatireniko kachubu aka."

Ndinawayang'ana manja, ndinawayang'ana khosi. Munthu ali bwinobwino, akuimba kamluzu. Chubu chili m'manja, ndinaona Nabanda akuchokera ku sikimu, chitenje atachikwinyira m'mawondo.

"Bambo a Chisomo, mwaika chiyani papepala lija?"

"Pepala liti?" (Funso la chitsiru. Pa Lifuwu ponse panali pepala limodzi.)

"Amayi ali m'ngalande, madzi m'khosi. Analipinda n'kuliika m'bulauzi."

Apongozi anga. Abale inu!

Mwina ena simudziwa mmene tinkakhalira. Chikwatirireni pamudzipo, ine ndi apongozi tinali tisanayang'ananepo maso ndi maso. Tikakumana panjira, ine ndinkapatukira kutchire, iwo n'kutembenukira kwina. Akakhala ndi mawu, ankauza mwana wawo, ine ndili pomwepo ndikumva. Ndiye akanaima bwanji pamtengo panga n'kumawerenga, mkamwini ali chapompo ndi pampu?

Nabanda anandifotokozera tikuyenda. Amayi anaphunzira kuwerenga ku sukulu ya kwacha atakula kale, koma kunyumba kunalibe chowerenga kupatula buku la nyimbo limene analoweza kalekale. Ndiye podutsa m'mamawa kukapirikitsa mbalame kumpunga, ankachotsa pepala langa, n'kumakaliwerenga pansanja, chilembo ndi chilembo, mpheta zikudya mpunga.

"Nanga iwe unkadziwa, osandiuza bwanji?"

"Anandiletsa. Ankati mukadziwa muyamba kulemba mwaulemu, zisiya kukoma."

"Ndiye za kadzidzi zija..."

"Anawerenga. Kawiri."

Masana mlandu unakhala pabwalo la malume ake a Nabanda, amene analinso ankhoswe athu. Ine ndinanjuta patali, tambala wopepesera ali m'khwapa. Apongozi anakhala kuseri kwa nkhokwe, atadzola phulusa ndi mafuta ophikira. Ndinkangoona mapazi awo, ndi kumva kwee kwee wa zikhadabo. Mtima unandipweteka zedi, chifukwa mayiwa anali asanandilakwirepo chilichonse.

"Akulu anati mkamwini asamakule mwendo," anatero malume. "Ife tinakupatsani malo, tinakupatsani mwana wathu. Lero mukutchera eni mudzi ngati mbewa? Mphasa ya mkamwini sichedwa kupindika, bambo."

Ndinayesa kufotokoza za ufulu wa atolankhani. Nabanda ananditsina. M'maso mwanga ndinkaona kale basi ya ku Dowa, ine ndili pawindo ndi pampu yanga, mkazi ndi mwana atatsala.

Malume anatembenukira kunkhokwe. "Alongo, wolakwiridwa ndinu. Munthuyu apite?"

Kukanda kuja kunapitirira. Kenako mawu anatuluka, osalunjika kwa ine ayi.

"Nabanda, uwauze bambo a Chisomo kuti kadzidzi wamva."

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

"Uwauzenso kuti akapita, andimalizira ndani nkhani ya mtsikana uja wokana mwini maboti? Tsamba la lero lanyowa m'ngalande ndisanafike pothera."

(Kanali kankhani kopeka, kamene ndinkangodzazira malo otsala pansi pa tsamba. Ine ndemwe sindinkadziwa kuti kathera pati.)

"Tambalayo alandireni, achimwene. Koma azilemba zilembo zikuluzikulu, maso anga si a mtsikana. Ndipo ndale zawozo achepetse, n'zogonetsa tulo."

Malume anakhosomola, akubisa kuseka m'chikhatho. Ine misozi inalengeza, ndipo sinali ya manyazi okha. Miyezi yonse ija ndinkafunafuna mdani woti andiope, pamene munthu wina ankasiya mpunga wake ukudyedwa kuti amve zimene ndaganiza.

Ndiye chifukwa chake n'chimenecho. Mpaka pano ine ndi apongozi sitinalankhulanepo, ndimapatukabe tikakumana, koma palibe pa Lifuwu amene amadziwa za mumtima mwanga kuposa iwo. Ndemanga zawo zimabwera ndi Nabanda pamodzi ndi madzi osamba: "Amayi akuti mwini maboti uja mwamukomera mtima kwambiri." Ine n'kukhala pansi, kumumizira boti.

Chitedze sindinachikhudzenso, ndipo zilembo ndinakulitsadi. Ndale zokha zinandikanika kusiya. Ndinangozisamutsira m'mphepete mwa tsamba, m'tizilembo ting'onoting'ono tosafikika ndi maso a munthu wamkulu, n'kumadziyamikira kuti ndine wochenjera. Dzana Nabanda anabwera ndi uthenga wina.

"Amayi akuti mukapita ku Salima muwagulire magalasi. Akuti m'mphepetemo muli nyerere zimene zikuoneka kuti zili ndi mawu."