Mkwati mmodzi, akwatibwi awiri

Mpaka lero ndikamadutsa pa Chonde ndimazolika ngati ndataya singano. Tamverani zomwe zinandigwera.

Nditamaliza kosi ya makompyuta ku Blantyre ndinabwerera kwathu ndikudzimva kwambiri. Amalume anga ali ndi situdiyo yojambula maukwati pa Chitakale, ndiye ndinawapangira webusayiti. Ukwati uliwonse, mayina ndi zithunzi zake, ndinkausunga m'databesi, nkhokwe ya pakompyuta. Pambali pake panali kabokosi. Ukachongamo, ukwatiwo wayaka, zithunzi zake n'kumayenda pa sikirini yaikulu mu holo. Amalume ataona anavina (munthu wa nyamakazi!) n'kuyamba kuuza aliyense kuti mphwawo ndi injiniya.

"Koma mphwanga, nanga maukwati awiri akayaka limodzi?"

"Aaa, amalume! Ukayatsa wina umazimitsa winawo. N'zapafupi."

Kuzimitsako ndinasiyira munthu. Munthuyo anali ine.

Loweruka linafika, ukwati wa Yohane ndi Esinati, pa Chonde pomwepo. Holo inadzaza. Ndinayatsa ukwati wawo, koma wa sabata yatha, wa ku Thuchila, ndinaiwala kuuzimitsa. Webusayiti yanga inatenga mayina a ukwati watsopano, koma zithunzi inatola za maukwati onse oyaka.

Sikirini inalemba: "Yohane ndi Esinati, chikondi mpaka muyaya." Chithunzi cha Esinati, nthungululu! Cha Yohane, nthungululu! Ine phewa m'mwamba. Kenaka kunatulukira mayi wina wojintcha, atavala velo, akumwetulira pansi pa dzina la Yohane.



Azakhali a Esinati anadzambatuka, chitenje akumanga m'chiuno. "A Yohane, ameneyu ndiye ndani? Munakwatira kale?"

"Amayi, sindikumudziwa ine!"

"Wa ku Thuchila uyo!" wina anakuwa kumbuyo (anthu othandiza sasowa).

"Ku Thuchila! Si komwe mumati mumakagula mbuzi?"

Ndinathamangira pa laputopu n'kuzimitsa. Ndinazimitsa wolakwika. Esinati anasoweratu pa sikirini, mayi uja anatsala yekha, tsopano akudula keke. Amalume nawo anali atalowa pafoni yawo kuti andithandize. Ine ndikazimitsa, iwo akuyatsa. Iwo akazimitsa, ine ndikuyatsa. Mayi wa ku Thuchila ankangoti balamanthu, zii, balamanthu! Ndinazula chingwe cha magetsi, osadziwa kuti cha DJ chinali chomwecho. Esinati anali atayamba kulira, abale ake akutolera zikwama.

Amalume anandikankhira kutsogolo. Ndinafotokoza za kabokosi mokuwa, popanda maikolofoni, thukuta lili kamukamu.

"Ndiye mukuti mkaziyu amakhala m'kompyutamo?" anatero azakhali.

"Eya, mayi, koma ali ndi mwamuna wake."

"Tamutulutsani timuone."

Ndinalumikiza chingwe, ndinamutulutsa bamboyo, wadazi, atakumbatira mkazi wake. Esinati anayamba kuseka misozi ili m'masaya, holo yonse n'kugwa nalo phwete. Ukwati unapitirira.

M'mawa mwake ndinaika lamulo m'databesimo: ukwati woyaka uzikhala umodzi wokha, ukayatsa watsopano wakale uzizima wokha nthawi yomweyo, ngakhale anthu awiri adine limodzi. Zinali zongolemba mizere yochepa, abale, zomwe ndikanachita pachiyambi. Kompyuta inamva tsiku lomwelo.

Azakhali ndi omwe sanamvebe. Yohane akafuna mbuzi, ku Thuchila amapita nawo limodzi.