Chiwongolero cha Sekuru Hezekiah

Ku Unit K, kufupi ndi Harare kuno ku Zimbabwe, aliyense ankadziwa kuti Sekuru Hezekiah Chimbalanga, kapena titi agogo Hezekiah, sakanakupatsa moni asanakuuze chimene chavuta pa kayendedwe kako. Anthu ena akakuona amafunsa za kunyumba, koma iwo ankayamba apendeketsa mutu n'kukuyang'ana kuchokera kumapazi.

"Tabwererani pomwe mwachokerapo, muyendenso ndione. Ehe! Mukukokera kumanzere, achimwene. Mabushi atha amenewo."

Woledzera akamadzandira pochokera ku bala, Sekuru ankapukusa mutu mwachisoni: "Injini ilibe vuto, koma tairodi yapita." Ngakhale abusa sanawasiye. Tsiku lina mapemphero ali mkati anawanong'oneza akazi awo, mayi Esnath, kunong'ona kwake komveka mpaka ku kwaya: "Abusawa katundu wawachulukira kutsogolo. Akadzakhota mwadzidzidzi, adzagubuduka."

Mayi Esnath ndiwo anasenza manyazi onsewa, ndipo lero ndiwo amasimba nkhanizi kuposa wina aliyense. Amaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Kungoti kuseka kwawo kumaduka mwadzidzidzi, n'kucheukira kumsewu ngati wina wawaitana.

Zonsezi zinayamba ndi galimoto. Sekuru anagwira ntchito yoyendetsa mzungu wina wa ku Harare, ndipo mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira chigalimoto cha nyumba: kutsogolo chiwongolero, kumbuyo bedi, kabati, sinki, thanki ya madzi ndi mazenera a makatani. Tsiku limene chinafika, Sekuru anachisisita pamphuno nati, "Make Ratidzo, iyi ndiyo itipititse kumudzi."

Kumudzi ankanenako ndi ku Ntcheu, ku Malawi, kumene iwo anali asanapondeko chibadwire. Anabadwira mu komboni ya pa famu ya fodya, bambo awo atabwera wapansi kudzafuna ntchito, n'kutchona. Mkuluyo pomwalira anagwira mwana wake dzanja nati, "Usandisiye kuno." Kufukula mafupa kunali kosatheka, choncho Sekuru anatapa dothi la pamanda paja n'kulisunga m'chitini cha tiyi. Galimoto itabwera, chitinicho chinapatsidwa mpando wakutsogolo, n'kumangidwa lamba. Mayi Esnath anauzidwa kuti azikhala kumbuyo, pa bedi.

"Ine mkazi wanu wa ukwati woyera, ndikhale kumbuyo chifukwa cha chitini?"

"Nanga mukufuna mukhale pamiyendo pa apongozi anu?"

Mayi Esnath anakhala kumbuyo.

Tsoka lake, galimotoyo inali ndi khalidwe. Ukangofewetsa manja pang'ono, inkalowera kumanzere ngati mbuzi yaona munda. Tsiku loyamba kuiyesa pa msewu wa Seke, chinawadutsa chilole chachitali, chija kuno amati gonyeti. Mphepo yake inakankha nyumba yonse. Inapendamira uku, inapendamira uko, mapoto akugwa m'kabati, mayi Esnath akuitana dzina la Yesu, mpaka anakaima m'chimanga cha eni ake m'mbali mwa msewu. Mwini munda, mayi wachishona, anabwera khasu lili m'manja. Sekuru anatsitsa zenera mwaulemu.

"Pepani mayi. Si ine ayi, ndi mashoku."

"Mashoko? Ndichakupai mashoko!"

Paja m'Chishona mashoko ndi mawu. Mayiyo anawapatsadi mawu, osapumira, mpaka dzuwa linapendeka.

Kuyambira pamenepo Sekuru analumbira kuti sanyamuka chiwongolero chisanawongoke. "Njira ya ku chipata cha Nyamapanda si yamasewera, ndiye kuli Tete, kuli mapiri. Bambo anga anabwera wapansi osagwa. Ndikawagwetse ndine?" Zaka zinayamba kudutsa iwo ali chigonere kunsi kwa galimoto, miyendo yokha ikuoneka. Akatulukako ankalalikira kwa aliyense wodutsa. Katundu wolemera azikhala pansi ndiponso pakati, osati padenga. Thanki ikhale yodzaza kapena youma, chifukwa madzi a theka amavina, ndipo akavina galimoto imavina nawo. Ogula tomato wa mayi Esnath pageti anafika podziwa za masipuling'i kuposa madalaivala a makombi, maminibasi a kuno.

Nzeru ya katunduyi ndi imene inawayambanitsa ndi amayi a chigwirizano. Kunali ukwati ku Zengeza 1, basi imene amayiwo anapangana nayo sinabwere, ndipo mayi Esnath, mwa chifundo chawo, anati akwere ya kwawo. Sekuru anaima pakhomo n'kumawayeza ndi maso mmodzimmodzi.

"Inu opepuka, kumbuyo. Inu, pakati." Kenako anafika mayi Winifred, wapampando wa gululo, munthu wa thupi lake. Nkhope ya Sekuru inawala. "Mayi Winifred, inu ndi yankho la pemphero. Khalani kumanjaku, pamwamba pa tayala, ndipo musasunthe."

"Mukundiona ngati thumba la simenti ine?"

"Ayi mayi, thumba limodzi silikanakwana."

Mayi Winifred anakhala, atatupa ngati finye. Ndipo taonani, galimoto inayenda mowongoka koyamba chibwerere. Sekuru anali pafupi kulira ndi chimwemwe. Koma wina kumbuyo anayambitsa nyimbo, ndipo mayi Winifred sanamvepo nyimbo ali chikhalire. Anadzuka, anavinira kumanzere, amayi onse anawatsatira. Pa ukwatipo anafika ndithu, koma kudzera kumpanda. Keke inapulumuka, mpanda ayi.

Mpumulo unaoneka ngati wafika pamene Ratidzo, mwana wawo yekhayo, anakwatiwa ndi makaniko, dzina lake Godknows. Mkamwiniyo, pofuna kukondweretsa apongozi, ankabwera Loweruka lililonse ndi bokosi la masipanala. Anaika mashoku ena, anasintha mabushi ndi matairodi, analimbitsa chitsulo chopingasa chija choletsa galimoto kupendama pokhota, kenako anapita nayo kokawongola matayala. Pobwerera, pa msewu womwe uja wa Seke, anachotsa manja onse pachiwongolero. Galimoto inangoti nyoo, osakhotera kwina.

"Baba, yapora!" anafuula Godknows, kutanthauza kuti yachira.

Mayi Esnath anaombera m'manja. Sekuru anamwetulira, koma mayi Esnath anaona kuti akuyang'ana chitini, osati msewu.

Anakazinga nkhuku, anamanga zikwama, anthu a m'misewu yoyandikana anabwera kudzatsanzikana. Ena anabweretsa tizovala ndi mayina a abale awo a ku Dedza ndi ku Balaka, oti mwina akakumana nawo. Abusa anapemphera. Galimoto inanyamuka anthu akuimba. Isanatuluke n'komwe mu Seke, inayambanso kukokera kumanzere.

Godknows anaithamangira, n'kupeza tayala lakutsogolo la kumanzere litafwa. Analipopa. Sabata inayo anayesanso, chimodzimodzi. Anasintha tayala, anasintha kavavu kake, analiviika m'madzi kufuna pobooka, osapeza. Mnyamatayo anayamba kuonda.

Apa ndi pamene kuseka kwa anthu kunasintha. Anayamba kunong'onezana kuti mkulu wa m'chitini sakufuna kupita, kapena akufuna kupita kwina kumene amoyo sakukudziwa. Wina anati anaona lamba wa pampando uja atamasuka yekha. Wina anati podutsa masana anamva munthu akutsokomola mkatimo, pomwe Sekuru anali ku tchalitchi. Ogula tomato anayamba kuimira patali. Mayi Esnath nawonso, munthu wa Baibulo lake, akalowamo kukasesa ankafulatira mpando wakutsogolo.

M'mawa wina mayi Esnath akusesa pabwalo anamva kaphokoso, tsiiii, ngati njoka. Anazungulira galimoto tsache lili m'mwamba. Anapeza amuna awo atagwada pa tayala la kumanzere, msomali uli m'manja, akutulutsa mpweya.

Anayang'anana. Kaphokoso kaja kanaleka.

"Bambo a Ratidzo, ndiye mzukwa uja ndinu?"

Sekuru anakhala pansi, n'kutsamira tayala. Anaoneka aang'ono ngati wina wawachotsa mafupa.

"Mwana wa eni ake waonda chifukwa cha inu. Ine nkhuku ndapha zingati? Bwanji osangonena kuti simukufuna?"

"Ndikufuna, make Ratidzo. Palibe tsiku limene sindifuna." Anatembenuzatembenuza msomali uja. "Koma ndikakafika ku Ntcheu, ndikaima pati? Ndikati ndikufuna kwa Chimbalanga, akandifunsa kuti Chimbalanga wake uti. Dzina la mudzi bambo ankalitchula mano atatha, sindidziwa ngati ndinalimva bwino. Amene ankawadziwa onse ali m'manda. Kuno amatiti ndife a ku Malawi. Tikakafika uko akatiti ndife a ku Zimbabwe. Ndiye ndikatsegule chitini, ndikathire bambo anga pa msika?"

Mayi Esnath anatsitsa tsache.

"Ndimawalota," anapitiriza Sekuru. "Ali pampando pawopo, avala jekete lawo lija la ku famu. Tikuyenda bwinobwino, galimoto osagwedera. Tafika pa mphambano, ndawafunsa, 'Bambo, kumanja kapena kumanzere?' Iwo akundiyang'ana. Ndafunsanso. Kenako ndikuona kuti akulira. Njira aiwala, make Ratidzo. Nawonso sakuidziwa."

Kumsewu kombi inadutsa, wothandizira akuitanira anthu a ku tauni. Mayi Esnath anaganiza za zaka zonse zimene anakhala pa bedi lakumbuyo lija, za mpanda wa ku Zengeza, za manyazi a ku tchalitchi. Mkwiyo anaufunafuna, osaupeza. Anawerama, n'kudina tayala lija ndi chala.

"Mwatulutsa wambiri. N'chifukwa chake mkamwini amazindikira msanga. Muzitulutsa pang'ono."

Kuchokera tsiku limenelo mzukwa unali wa anthu awiri. Mayi Esnath anamuitana Godknows n'kumuuza kuti aleke kudzivutitsa, matenda ena ndi a ukalamba, ndipo anamuphikira mpaka thupi linabwerera. Sekuru anapitiriza kugona kunsi kwa galimoto yawo, kumasula ichi, kumanga icho, n'kumauza odutsa kuti chaka chamawa, mvula ikangotha, ulendo ulipo. Mayi Esnath ankavomereza pageti: "Ikangowongoka basi."

Sekuru anadwala nyengo yozizira, chifuwa. Ku chipatala, anamwino akuwakankha pa bedi la matayala kupita nawo ku wodi, Sekuru anatsegula maso, n'kumvetsera kaye. Kenako anakodola namwino.

"Mwanawe, bedi ili likukokera kumanzere. Kathireni mafuta tayala lakutsogololi."

Namwino anaseka, Ratidzo anaseka, mayi Esnath anaseka. Sanadziwe kuti amenewo ndiwo mawu awo otsiriza. Pofika madzulo anali atapita.

Pokonza maliro Ratidzo anabwera ndi chitini chija atachigwira ndi nsalu, n'kufunsa m'Chishona chake kuti achitani nacho. Mayi Esnath anachilandira ndi manja awiri, n'kuchiika m'bokosi, m'khwapa mwa amuna awo.

"Apite limodzi. Awiri akasochera amafunsana."

Bokosilo linakwera galimoto yomweyo. Godknows anapopa matayala onse mofanana, ndipo panalibenso wogwada ndi msomali. Kuchoka ku Unit K mpaka kumanda galimoto sinagwedere ngakhale pang'ono. Gonyeti inawadutsa, makatani okha ndiwo anagwedezeka. Amayi a chigwirizano, amene anakwera atakonzekera kugwirira, analeka kuimba mmodzimmodzi. Mayi Winifred ananong'ona kuti, "Bwanji ikuyenda chonchi?" M'manja mwa Godknows chiwongolero chinali chopepuka ngati wina akumuthandiza. Mayi Esnath okha ndiwo ankadziwa chifukwa chake, komabe mantha anawagwira ngati ena onse.

Patapita miyezi, munthu wina wa ku Marondera anagula galimoto ija kuti azigulitsiramo chakudya, ndipo inachoka Loweruka lina anthu ali ku msika. Pamene inkaima, kunja kwa geti, panatsala dothi lakuda ndi oyilo, lalitali ngati manda a chimphona. Mvula yabwera, yapita, udzu wamera ponseponse, koma pamenepo ayi.

Njira ya oyenda pansi inayenera kudutsa pomwepo tsopano, poti palibenso chotchinga. Koma mayi Esnath akakhala pa tebulo lawo la tomato amaona anthu akufika m'mphepete mwa dothi lakudalo, n'kukhota, kutsikira mumsewu, kuzungulira, n'kukweranso. Amayi osenza madzi amatero. Oledzera amatero. Ngakhale mtsikana wina wobwera kumene, wochita lendi kuseri, amene galimotoyo sanaionepo, amatero. Tsiku lina mayi Esnath anamuitana.

"Iwe mwana, bwanji sudutsa apa? Njira si iyi?"

Mtsikanayo anayang'ana dothi lija, n'kuseka mwamanyazi. "Kaya, gogo. Ndimangomva ngati pali chinthu chaima."

Atachoka, mayi Esnath anadzuka, anamanga chitenje bwinobwino, n'kunena mumtima kuti zopusa izi zithe lero, adutsapo okha anthu aone. Dzuwa linali pamutu, msewu uli wodzaza anthu. Anayenda molimba mtima mpaka m'mphepete mwa dothi lakuda lija, ndipo anaima. Anaima nthawi yaitali, mpaka wogula wina anayamba kuitana pa tebulo. Kenako anatsikira mumsewu, n'kuzungulira.