Paipi Yanga ndi Kadzidzi wa Madamu

Pamutu panga pali zipsera zitatu zondondozana, ndipo aliyense wondimeta amafunsa. Ndimawauza kuti ndi matsotsi a ku Zandspruit. Lero ndinene zoona chifukwa bodzali landitopetsa: sanali matsotsi, inali mbalame.

Ndimagwira ntchito ya m'gadeni ku Fourways, kuno ku Joni, m'nyumba zija za mpanda wautali wokhala ndi waya wamagetsi pamwamba. Madamu anga ndi mzungu wachikulire, ntchito yawo ndi kujambula mbalame. Kumapeto kwa gadeni anazika mlongoti, pamwamba pake n'kukhomapo bokosi lathabwa, ndipo m'bokosimo munkakhala kadzidzi. Inde, kadzidzi. Kwathu ku Ntcheu akangolira padenga timamugenda ndi chikuni chamoto, koma kuno amamumangira nyumba, ati amadya makoswe. (Tsiku loyamba kumuona ndinafuna kusiya ntchito, koma ndinakumbukira kuti ku Joni ntchito satola pamsewu.)

Kadzidziyo ataikira mazira, madamu anabwera ndi chipaipi chachitali chapulasitiki, chokhota nsonga zonse ziwiri. Ankaima pansi, kuika diso kunsonga yam'munsi, n'kumaona za m'bokosi osakwera makwerero. Anandiuza kuti dzina lake ndi pelisikopu, ndipo asilikali a sitima zoyenda pansi pa nyanja amaonera chinthu chomwecho zimene zili pamwamba pa madzi. Ndinapempha kuti ndisuzumireko. Anakana. Ati mbalame yofungatira sifuna kusokonezedwa, moti ndisayandikire mlongotiwo ngakhale ndi makina otchetchera kapinga.

Nkhaniyi inandisowetsa mtendere. Ine ndimadziwa kuti diso limaona molunjika. Nanga likhota bwanji pakona, kawiri konse? Nthawi ya nkhomaliro ndinafunsa aMalunga, bambo wachikulire wa ku Zomba amene amasamalira gadeni ya nyumba yoyandikana nafe.

"Muli magalasi awiri mmenemo," anatero akutafuna buledi. "Koma kaikidwe kake ndi masamu. Iwe sukulu unalekezera pati?"

"Sitandade sikisi."

"Ndiye tchetcha kapinga, mwana wanga. Zinazi ndi za eniake."

Ine munthu akangonditchulira za sukulu, mutu umatentha. Ndinaponya buledi wanga pansi (ndinamutolanso iwo atachoka) n'kulumbira kuti Lachisanu likamafika ndidzakhala ndi pelisikopu yangayanga.

M'shedi munali paipi yakale yamalata, ija yotsitsa madzi a padenga. Ndinaipempha n'kupita nayo kumkhukhu wanga, kachisakasa kamalata komwe ndimagona ku Zandspruit. Galasi langa lometera ndevu ndinaliswa pawiri, ndinaboola paipi ndi mpeni, zidutswazo n'kumatamo ndi selotepi. Ulendo woyamba ndinasuzumira n'kuona diso lofiira likundiyang'ana. Ndinadzidzimuka, kenako ndinazindikira kuti ndi langa lomwe. Ulendo wachiwiri ndinaona zinthu za kumbuyo kwanga, zili chadodolido, mayi wa nyumba ina akuyanika zovala miyendo ili m'mwamba. Masiku atatu ndinakhalira kupendeketsa magalasi aja. Lachinayi madzulo ndinawapendeketsa mofanana, kuyang'anizana, ndipo mwadzidzidzi ndinaona kuseri kwa denga langa, mateksi ali pamzere kumsewu, ine nditaima pakhomo. Ndinakuwa ndekha ngati ndagoletsa chigoli.

Munthu wanzeru akanangopita nayo kwa aMalunga, kuwaonetsa, nkhani n'kutha. Koma ine ndinkafuna kukawauza kuchuluka kwa mazira a m'bokosi lija, kuti asadzanenenso za sitandade.

Lachisanu masana madamu anatuluka pagalimoto. Ndinavula chipewa kuti chisanditchinge, ndinanyang'ama mpaka pamlongoti, n'kukweza paipi yanga pang'onopang'ono. Poyamba kunali mdima okhaokha. Kenako ndinaona maso awiri achikasu, aakulu ngati zotsekera mabotolo, osaphethira. Diso sindinachotse. Sindinaonepo kadzidzi pafupi chonchi, ndipo kunena zoona ndi kanthu kokongola, nthenga zake zamawangamawanga ngati nkhanga.

Zinthu ziwiri sindinaziganizire. Choyamba, dzuwa linali kumbali kwanga, ndiye galasi lam'mwamba linkamuthwanimira m'maso. Chachiwiri, paipi siikondera: ngati iwe ukumuona, nayenso akukuona.

Maso aja anangosowa. Ine m'malo mothawa ndinapitiriza kusuzumira, ndikudzifunsa kuti walowera kuti. Sindinkadziwa kuti kadzidzi akamauluka samveka. Ndinangomva phaa! pamutu, zikhadabo zikung'amba ngati foloko ya m'dimba. Apa ndi pamene ukali wanga unandigulitsa. M'malo mogona pansi, ndinatukwana n'kuzunguza paipi kuti ndimugwetse. Mbalame ndinaiphonya, koma waya wamagetsi wa pampanda sindinamuphonye. Paipi yamalata, abale. Mkono unachita ngati wamenyedwa ndi bulu, ine gada m'maluwa a madamu, alamu n'kuyamba kulira, kumveka estate yonse, mudzi wonse wa m'mpandawo.

Alonda anafika awiri ndi kabaki kawo, kagalimoto kapikiapu. Wamkulu anandiyang'ana, nayang'ana paipi.

"Wenzani wena? Ukuchita chiyani iwe? Ukusuzumira nyumba za anthu?"

"Ayi bwana, ndimasuzumira mbalame."

"Eish," anatero mnzakeyo, akuyesa kubisa chiseko.

Madamu atafika ndinasintha nyimbo. Ndinati ndimasesa masamba, mbalameyo yangondiputa yokha. Anapita pamtengo wa pafupi n'kumasula kakamera kakang'ono kamene kamajambula kokha chinthu chikangoyenda. Ine ndinali nditakaiwaliratu. Anandikhazika pakhonde n'kumandionetsa pakompyuta chimodzichimodzi: ine ndikunyang'ama, ine ndikusuzumira kukamwa kuli yasa, kadzidzi ali pamutu panga mapiko atatambasula, ine miyendo m'mwamba. Zithunzi zoyera bwino. Pa ntchito yawo madamu aja sasewera.

Anandipaka mankhwala pamutu. Atamaliza anati: "Kadzidzi wathawira m'mitengo ya kutsidya. Mazira akazizira, basi afa. Ngati mawa m'mawa sakhala atabwerera m'bokosi, udzandisiyire khadi lako la pageti."

Khadi limenelo ndi ntchito, ndipo ntchitoyo ndi imene imandisunga ku Joni.

Pamzere wa mateksi ndinakumana ndi aMalunga. Anayang'ana bandeji, napukusa mutu.

"Masamu aja wakhoza, ndamva. Mazira analipo angati?"

"Sindinawerenge."

"Ndiye wakalipira sukulu fizi ndi mutu," anatero, akuseka mpaka kutsokomola. "Kapemphere, mwana wanga. Koma potchula chimene ukupempha, utsitse mawu."

Ndinapempheradi, m'teksi momwemo, paipi yopsa nsonga ili pakati pa miyendo. Ine mwana wa ku Ntcheu, wobadwira m'nyumba yopemphera, kudandaulira Mulungu kuti kadzidzi abwere. Gogo wina amene ndinakhala naye mpando umodzi atandimva ndikunong'ona anati ameni, osadziwa chimene akuvomereza.

M'mawa mwake ndinafika pageti dzuwa lisanatenthe. Ndinapeza madamu ataima kale pamlongoti, diso lili pachipaipi chawo. Ndinaima patali, khadi lili m'manja. Anakhala nthawi yaitali osatembenuka. Kenako, osachotsa diso, anakweza chala chachikulu m'mwamba.

Chimwemwe chake ndinasowa woti ndimuuze, ndiye ndinaimbira amayi kumudzi.

"Amayi, kadzidzi wabwerera! Mulungu wayankha!"

"Wati chiyani?"

"Kadzidzi, amayi. Ndinachezera kumupempherera, pano wakhalira mazira ake."

Foni inaduka. Ndinkayesa ndi netiweki, mpaka mlongo wanga anandiimbira Lamulungu kuti dzina langa alipereka kutchalitchi, ndipo azimayi asanu azindisalira kudya mlungu uliwonse kuti nditaye mankhwala amene ndatola ku Joni.

Ntchito ndidakali nayo. Za ukali ndi chidwi sindinganame kuti ndasintha. Chimene ndaphunzirapo ndi chimodzi: nkhani zina za kuno si zoimbira kumudzi.