Tsiku Limene a Musagule Anati Gula

Zinayamba m'nyengo yachisanu ya chaka cha 1994, pa 6 Juni, pamene makaniko wina wopuma ntchito ku kampani ya mabasi anabwera ndi benchi yake n'kuiika moyang'anizana ndi geti la bwalo logulitsirapo magalimoto akale. Palibe anamuitana. Pasanathe miyezi itatu dzina lake lenileni linali litaiwalika, aliyense akungoti a Musagule, chifukwa vani iliyonse imene anthu ankawapempha kuti aiyeze, yankho linali lomwelo: "Musagule."

Kayezedwe kawo kanali kachilendo. Akalowa m'vani ankavula chipewa n'kuphimba kawotchi kowerenga makilomita, ati kameneko n'kabodza kuposa mboni yogula. Kenaka ankakhala pa mpando wa dalaivala n'kumadzigwedeza ngati nkhuku yofungatira, ankapapasa labala wa chopondera buleki, ankanunkhiza oilo, pomaliza n'kutsamiritsa sikuludilaiva yaitali pa injini, chigwiriro chili kukhutu, maso ali tsinzinu.

Mlongo wawo wamng'ono, mayi wamasiye amene anthu ankamutchula kuti Mai Mazira, ankaziona zonsezi ali pa kasitolo kawo pafupi ndi benchiyo, ndipo nthawi zambiri manyazi ankagwira iwo m'malo mwa mwiniwake.

Mu Okutobala 1996 kunabwera abusa ena kudzafuna vani ya kwaya. Mwini bwalo, munthu wa suti yonyezimira, analumbira kuti vaniyo inali ya gogo wina amene ankangoiyendetsa Lamulungu popita kutchalitchi. A Musagule anakhala pa mpando n'kumira mpaka chibwano chinagunda chiwongolero.

"Abusa," anatero ali m'dzenjemo, "gogo ameneyu ankalemera ngati ng'ombe ziwiri, ndipo tchalitchi chake chinali kumwezi. Musagule."

"Madala, mukundiphera msika!" anakuwa mwini bwalo.

"Msika wako unafa kale, iwe. Ine ndangobwera kudzaona nkhope."

Wogulitsa nyama, mwamuna wamakani, sanamvere. Anagula vani yofiira pa 2 Malichi 1998, ndipo pa 9 Malichi anadutsa pa benchipo akuikankha ndi azilamu ake atatu. A Musagule sanaseke. Anangofunsa mwaulemu wonse ngati azilamuwo anabwera ndi galimotoyo kapena anagulidwa padera.

Zaka zisanu ndi zinayi zinatha chomwecho. Anthu anayamba kunena kuti ngakhale galeta la Eliya litatsika, a Musagule akanalinunkhiza n'kupukusa mutu.

Ndiye mu Epulo 2003 nkhani inalowa m'nyumba mwawo. Sukulu ina yogonera komweko, kuseri kwa chitunda, inapatsa Mai Mazira mwayi wopereka mazira Lolemba lililonse nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Aphunzitsi aakulu ananena poyera kuti akadzangojomba Lolemba limodzi, mwayiwo udzapita kwa wina. Mai Mazira anali ndi ana anayi pasukulu, ndipo anagulitsa poloti imene amuna awo anawasiyira kuti agule vani. Akanalakwitsa pogula, panalibenso china choti agulitse.

Pabwalo panali mavani awiri amene akanakwanitsa. Yoyera inkawala ngati mbale ya alendo, ndipo kawotchi kake kankati makilomita 90,000. Yabuluu inali yosuluka, chitseko cham'mbali chomanga ndi waya, makilomita 487,000.

"Achimwene, ine mtima uli pa yoyerayi," anatero Mai Mazira Loweruka pa 26 Epulo. "Ndipo chonde lero musandichititse manyazi."

"Mtima wako unasankhanso malemu alamu anga, amene sankatha n'kupopa njinga komwe. Tapatuka."

Yoyera sanachedwe nayo. Anawaonetsa chopondera buleki chitaperepeseka mpaka chitsulo kuonekera. "Iyi yakalambira m'tauni, ima-nyamuka, ima-nyamuka. Makilomita anawabweza m'mbuyo, koma phazi la dalaivala anaiwala kulifufuta."

Mu yabuluu anakhalamo mphindi makumi anayi. Analowa kunsi, natulukira mbali ina. Anapapasa mabauti limodzilimodzi. Anamvetsera injini nthawi yaitali mpaka Mai Mazira anaganiza kuti agona choimirira. Pomwepo n'kuti anthu atadzaza pageti, kudikira mawu a masiku onse.

"Mpando watha koma buleki ikanali ndi labala wake," anatero pang'onopang'ono. "Ndiye kuti inkayenda maulendo ataliatali, injini itatentha bwino. Mabauti sanabulungike mitu. Amene ankaisamala anali ndi sipanala yoyenera, sankamenya ndi hamala. Anali munthu woleredwa bwino."

"Nanga zoipa zake?"

"Zilipo, chemwali. Oilo izimwa ngati mlendo wa paukwati. Masipuling'i atopa. Pampu ya madzi ili ndi chaka chimodzi. Idzakukhumudwitsa ndithu, koma idzayamba yakuuza. Yoyerayo idzakufera osatsanzika."

Anachotsa chipewa pa kawotchi, osakayang'ana n'komwe, n'kuchivala.

"Gula."

Telala anasiya makina ake, ometa tsitsi anatuluka ndi kasitomala wometedwa mbali imodzi. Mwini bwalo anachita mantha n'kuyamba kuizungulira vaniyo, poganiza kuti mwina muli golide amene iye sanamuone.

Mai Mazira anagula. Wogulitsa nyama ankadutsa pakasitolo m'mawa uliwonse n'kumati, "Mayi, azilamu anga akufuna ganyu yokankha, mukawafuna mundiuze."

Lolemba loyamba lopereka mazira, pa 5 Meyi, a Musagule anafika atavala jekete, akuyenda mwachilendo ngati munthu womangidwa m'chiuno, n'kukhala kutsogolo osaitanidwa. Kumbuyo kunali mathileyi a mazira mpaka kudenga. Mai Mazira, amene anaphunzira kuyendetsa pa lole ya malemu amuna awo, anagwira chiwongolero.

Pakati pa chitunda a Musagule anakweza chala.

"Ima."

"Achimwene, nthawi yatha! Sindikumva kanthu ine."

"Iwe ukamva ndiye kuti maliro atuluka kale. Ima!"

Anaima, n'kuika miyala kumatayala. Atatsegula injini, lamba wa fani anali atatsala ndi ulusi utatu. Mai Mazira anakhala pansi m'mbali mwa msewu. Sitolo ya zitsulo inali makilomita makumi awiri kumbuyo, dzuwa likukwera, ndipo m'maso mwawo munkangooneka poloti ija.

"Mwandipha, achimwene. Mwandipha ndi ana anga omwe."

"Tayang'ana kumbali."

"Chiyani?"

"Ndati yang'ana kumbali, ndine mkulu wako!"

Atacheuka anaona achimwene awo akutsitsa lamba wa fani watsopano kuchoka m'chiuno, kumudutsitsa m'miyendo ngati siketi. Anali atamuvala m'malo mwa lamba wa thalauzi kuyambira kunyumba, kuopa kuti akamunyamula m'manja anthu apageti aja anena kuti a Musagule sakuikhulupirira vani yawo yomwe. Anamumanga pa injini ndi dzanja limodzi ndi theka, lina likuthamangira thalauzi.

Anafika pasukulu kutatsala mphindi khumi ndi ziwiri. Aphunzitsi aakulu, mayi waulemu wake, anatambasula dzanja kuti apereke moni. A Musagule anayang'ana dzanjalo, anayang'ana thalauzi lawo, n'kungowerama kwambiri ngati kazembe. Dzira silinasweke ngakhale limodzi.

Kuyambira pamenepo, Lolemba lililonse Mai Mazira ankachepetsa liwiro pa benchi paja, ndipo achimwene awo ankapendeketsa mutu n'kugamula. "Pita." Kapena, "Lachitatu ubwere nayo, ikudandaula bondo lakumanzere." Pampu ya madzi inafa mu Meyi 2004, monga ananenera, koma inafera pakhomo, ina ikudikira pa shelefu. Ana anayi aja anamaliza sukulu mmodzimmodzi. Wogulitsa nyama anayamba kubwereka vaniyo Loweruka, akulankhula motsitsa mawu.

Cha m'ma 2013 makutu a Musagule aja anayamba kutseka. Sanauze munthu, koma mlongo wawo anazindikira ataona kuti tsopano akumadzuka pa benchi n'kudzagwira vaniyo pachifuwa ndi chikhatho. Mai Mazira ankangoima nthawi yotalikirapo, n'kuponda mafuta pang'ono kuti dzanjalo limve bwino.

Mu Ogasiti 2015 a Musagule anagonekedwa m'chipatala. Lolemba pa 17 Mai Mazira anafika m'mawa ndi fulasiki ya tiyi n'kukhala pambali pa bedi.

"Lero n'lachingati?" anafunsa a Musagule.

"Lolemba. Ndauza asukulu kuti mwina sindibwera."

Munthu amene anali atalephera kudzuka masiku anayi anadzuka ndi chigongono.

"Zaka khumi ndi ziwiri osajomba, ndiye ukajombe chifukwa cha ine? Anthu adzati vani ndi imene inalephera. Nyamuka! Ine injini yanga ndaimvetsera kale, lero siima."

Mai Mazira anapita akulira njira yonse, ndipo anafika nthawi ikanalipo. Pobwerera anawapeza ali maso, akudikira.

"Pachitunda yakwera ndi giya yanji?"

"Yachiwiri, achimwene."

"Makilomita?"

"803,000."

Anatseka maso, akumwetulira ngati bambo amene mwana wake wakhoza mayeso. "Wina aliyense akanaiopa," anatero. "Iwe unalimba mtima."

Masiku ano bwalo lija likugulitsa kuposa kale, ndipo mwini wake wanenepa. Anthu amagula msanga, mosangalala, popanda wowakhumudwitsa. Koma mukayenda msewu wa kuchitunda mudzawapeza ataima m'mbali, nthambi zamasamba zitandandalikidwa kumbuyo kwa mavani owala, eni ake atagwira m'chiuno, akuyang'ana uku ndi uku ngati pali amene angawauze chimene chalakwika. Vani yabuluu imawadutsa pang'onopang'ono, ikufuka kautsi, mazira ali phee.

A Musagule sananame za Lolemba lija. Anatisiya Lachitatu, pa 19 Ogasiti 2015.