Legeni Yanga ku Zanzibar

Nkhani iyi ana anga amainena ine kulibe, n'kumaseka. Bola ndiinene ndekha, manyaziwo ndi anga.

Mwana wanga Esinati anakwatiwa ndi Saidi, mnyamata wa ku Ntaja amene amaperekeza azungu odzaona malo pachilumba cha Zanzibar. Zaka zonsezi osandiitana. Anadzandikumbukira chimanga chitayamba kukhwima! Munda wanga wa m'munsi mwa phiri la Chikala ndinausiyira mlamu wanga waulesi uja, n'kukakwera basi pa Balaka.

Ndinanyamula jekete, kolona ndi legeni. Legeni sindisiyana nayo, chifukwa apusi andidyera chimanga moyo wanga wonse.

Chimene ndinkafuna ndi chimodzi: chithunzi nditaima pamchenga woyera, ndidzawatseke pakamwa anzanga a pabawo amene amanditcha wosayenda. Pachombo chowolokera ndinangogona chafufumimba kusanza, nyanja osaiona.

"Bambo, mawa tiyambe nkhalango," anatero Saidi. "Mkuja kumchenga ndi kudoko."

Kunkhalangoko azungu ankayenda monyang'ama, kunong'onezana. Kukweza maso, apusi! Ofiira kumsana, mtengo wonse tho! Wina anatsika mpaka pafupi ndi chikwama cha mayi wina wachizungu. Anthu onse anangouma, mlonda wa nkhalango yemwe ali chilili.

Mumtima ndinati, taonani anthu ophunzira, kuopa pusi! Ndinatulutsa legeni, n'kutola mwala.

Phaa! Panthambi penipeni. "Choka! Akuba inu! Haaa!"

Gulu lonse linabalalika, mtengo kutsala mbee. Ndinakonza jekete kudikira kuthokozedwa.

"Oh no! Why?" anakuwa mayi uja, misozi ili mbwe.

"Akuthokoza?" ndinamufunsa Saidi.

"Bambo, mwatani? Anthuwa akwera ndege kudzaona apusi omwewa!"

"Kudzaona pusi? Kwawoko alibe zochita?"

"Chonde bambo, bisani legeniyo!"

"Iyayi, ndibisirenji? Auze abwere ku Chikala, ndikawapatsa apusi aulere, atenge onse!"

Ndinaitambasula pamaso pa mlonda kuti aone kulimba kwa mphira wake. Anailanda. Saidi anapepesa m'Chiswahili mpaka malaya kunyowa, ntchito itatsala pang'ono kumuthera. Esinati madzulo ake anangondilongedzera chikwama.

M'mawa mwake ndinali pachombo, kusanzanso. Mchenga woyera ndinauonera patali, ngati ufa woyanika pamkeka wa eni. Chithunzi palibe. Pabawo mpaka lero akuti ndinangokafika pa Balaka n'kubwerera.

Kufika kumunda, mapesi okhaokha. Mlamu anati ankadwala mutu. Pamwala panali pusi wamkulu, chitsononkho changa chili m'manja, akundiyang'ana. Ndinapisa m'thumba mwa chizolowezi. Legeni ili ku Zanzibar.

Ukafika kwa eni, yamba wafunsa kuti bwana ndani. Mwina ali mumtengo.