Ng'ombe ya Atate Yalandira Uthenga pa Foni

Lolemba

Mwayi wandipeza m'sala ya mapurofesori, chipinda chopumira aphunzitsi, ndikudya chimanga chowotcha! Uthenga pa foni kuchokera kwa munthu wotchedwa Senyor Marselo. Akuti wamva kuti ndine purofesora wa makompyuta pa shikola ya sekundariya kuno ku Tsangano, ndiponso kuti ndine amene ndimayendetsa grupu ya pa foni ya aphunzitsi ndi anamwino a kuno ndi a ku Macanga. Zonsezo n'zoona. Ndiye kuti mbiri yanga yafika mpaka ku Maputo, kapena kulikonse kumene amakhala bamboyu.

Akugulitsa aplikasau yotchedwa Tranka-Tudu. Ndi VPN, kanthu kobisa zimene munthu akuchita pa intaneti kuti wina asaone kumene ali ndi zimene akutsegula. Ntchito yanga ndi kuponya linki mu grupu n'kunena kuti ndi yabwino. Aliyense wolipira kudzera pa linki yangayo, ine ndilandira komisau, kagawo kanga ka ndalamazo. Mwayiwu akuti utha Lamulungu.

Malonjezo awo:
- sasunga kalikonse ka munthu
- akatswiri a kunja anaiyesa n'kupereka sertifikadu
- loko wake ndi wolimba ngati wa asilikali
- ukaiyatsa, intaneti imayesa kuti uli ku Suwisa, ku Ulaya

Zimene ndidzagule:
- mota
- jaketi yeniyeni ya chisanu chathuchi
- njinga yamoto ina, ya amuna anga bambo a Nelito, akadzasiya kundiseka

Ndaimbira mkulu wanga, Mana Felizarda, amene ndi namwino ku Chidzolomondo, kuti asangalale nane. Akuti: "Tumiza msanga. Foni yangayi ili ndi mayina ndi manambala a odwala, ena amamwa mankhwala amene amuna awo sakuwadziwa. Iweyo ukati ndi yabwino, ndi yabwino."

Chala chinali kale pa linki. Ndachichotsa. Atate ku Ntengo-Wambalame sagula mbewu ya kachewere ataona ya pamwamba pa thumba yokha. Amakhuthula thumba lonse pansi, wogulitsa akuyang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo. Inenso ndikhuthula kaye. Masiku awiri akwana. Lachitatu ndiyamba kulemera.

Lachiwiri

Ndafukula foni yakale ya bambo a Nelito, yosweka galasi, imene imazima yokha ukaiyang'ana mwaukali. Ndafufuta zonse zinali m'menemo. Foni yanga yeniyeni sindiyesera njoka.

Tranka-Tudu yalowa. Chithunzi chake ndi loko wobiriwira, wonenepa bwino. Isanagwire n'komwe ntchito, ikupempha:
- manambala onse a m'foni
- zithunzi
- mauthenga
- maikolofoni
- malo amene ndili

Mlonda wabwera kudzalondera panja, nanga kiyi wa kuchipinda akumufuniranji? Ndafunsa Senyor Marselo. Yankho: "É normal, professora," akuti ndi mmene zimakhalira. Ndi kankhope komwetulira.

Pamenepo nzeru yandifikira, ya mtundu umene umabwera kamodzi pa chaka. M'foni yopanda kanthuyo ndalembamo mayina a ng'ombe za atate ngati kuti ndi anthu. Senyor Sakhuta. Senyor Bantomu. Dona Mawanga. Awiri oyambawo ndawapatsa manambala osakwanira, kuti ndisavutitse munthu wa eni. Koma Dona Mawanga, ng'ombe yaikazi yokonda kuponya mateche, ndamupatsa nambala ya kartau yatsopano, simu khadi imene ndakagula pamsika pa nthawi yopuma. Kartauyo ndaiika m'foni yanga yeniyeni. Nambala imeneyi sindinaipereke kwa munthu aliyense, tikuidziwa ine ndi Tranka-Tudu basi. Kenako ndavomera zonse zimene yapempha, ndi mtima woyera.

Bambo a Nelito akuti ndayamba misala. Ndawauza kuti dzina lake ndi kafukufuku.

Lachitatu

Sindinayambe kulemera.

Ndapempha lipoti la akatswiri a kunja aja. Senyor Marselo wanditumizira chithunzi cha chidindo chagolide, chokhala ndi nyenyezi zisanu ndi masamba a mtengo m'mbali. Ndati ndikufuna lipotilo, la mawu, lonena kuti anayesa chiyani, liti, ndipo anapeza chiyani. Watumizanso chidindo chomwecho, koma chachikulupo.

Ndafufuza ndekha dzina la akatswiriwo. Adiresi yawo ndi yomweyo ya Tranka-Tudu, msewu womwewo, chitseko chomwecho. Mwana wadzilembera yekha vinti, malikisi onse, pa porova, mayeso ake omwe! Bwana wawo wamkulu ndi mzungu wa mano oyera mbee. Ndafufuza chithunzi chake, ndamupeza kwina akutsatsa matiresi, kwina mankhwala otsukira mano, tayi yomweyo. Munthu wolimbikira.

Titaweruka ndakwera pa chulu cha kuseri kwa shikola, pamene rede, netiweki ya foni, imagwira bwino. Ndayatsa loko wobiriwira, ndatsegula tsamba limene limauza munthu kumene intaneti ikumuona kuti ali. Likuti Tete, Moçambique. Ndazimitsa, ndayatsanso. Tete. Kachitatu. Tete. Cha ku Suwisa chimene ndachimva pa chulupo ndi mphepo yokha.

Malonjezo awiri agwa chagada. Ndatsika pa chulu ndikuvina ngati ndagoletsa chigoli, ndipo ndili pafupi ndi nyumba m'pamene ndakumbukira kuti golo lake ndi langa lomwe.

Lachinayi

Pangano lawo la zachinsinsi ndi masamba khumi ndi anayi, m'Chingerezi, tizilembo ngati nyerere. Ndapita nalo kwa Purofesori Josiyasi, mnzathu wophunzitsa Chingerezi. Waseka mpaka kugwira tebulo. Nayenso analandira uthenga wa Senyor Marselo Lolemba lomwelo, mawu omwewo. Ndiye kuti otchuka tilipo angapo. Iye sanadikire, wakhala akutumizira anthu linki yake mmodzimmodzi. Akuti: "Kolega, inu muziwerenga mapepala, anzanu tikudya."

Ndamugulira tiyi ndi mandasi awiri kuti awerengebe. Wayamba mokweza, lilime likupindika ngati wa pa wailesi, kuti mapurofesori ena amve. Pa tsamba la chisanu ndi chinayi mawu ayamba kuchepa. Ndati amasulire. Akuti eni ake akhoza kugawana zina ndi anzawo a malonda. Ndafunsa kuti zina zake ziti. Wawerenganso, chala chikuyenda pansi pa mzere.

"Zonse," watero.

Mandasi achiwiri sanawakhudze. Ndadya ine.

Koma chachikulu chafika masana, ndili pakati pophunzitsa turma ya desima, kalasi lakhumi. Foni yanjenjemera m'thumba. Uthenga pa kartau yatsopano ija: "Parabéns, Dona Mawanga! Mwasankhidwa kulandira ngongole yachangu popanda chikole."

Ndakhala pansi pa mpando. Ndaseka mpaka misozi, ophunzira akuyang'anizana. Pofika madzulo ng'ombe ya atate yalandira:
- ngongole ziwiri
- kuitanidwa kukabetcha mpira
- mankhwala ochepetsa thupi

Achitatuwa angaithandizedi.

Ndawagwira! Ine, ndi foni yosweka ndi ng'ombe imodzi. Loko wa asilikali sinditha kumuyesa kuno, koma loko wolimba ali ndi ntchito yanji ngati mlonda yemweyo akutulutsa katundu pa zenera?

Lachisanu

Ndatumizira Senyor Marselo zithunzi za mauthenga a Dona Mawanga. Poyamba akuti zangochitika mwangozi. Ndamufotokozera kuti Dona Mawanga ali ndi miyendo inayi. Kenako akuti munthu wanzeru ngati ine sayenera komisau wamba, andipatsa kawiri, ndipo ndidzatchedwa parseira wagolide, mnzawo wa malonda wapamwamba.

Ndilembe zoona, poti bukuli ndi langa. Ndaganiza. Nthawi yonse imene madzi a tiyi amatenga kuti awire, ndaganiza. Bambo a Nelito akuti anthu ngati akufuna kubedwa adzabedwabe, bola wapafupi apindule. Atatero ayang'ana pansi okha. Ndayankha Senyor Marselo kuti ayi, ndi kankhope komwetulira.

Ndalemba mu grupu zonse: chidindo, bwana wa matiresi, Suwisa wa pa chulu, tsamba la chisanu ndi chinayi, ng'ombe. Ndati amene waika kale achotse, asinthe senya, mawu achinsinsi otsegulira aja, ndipo asadine linki iliyonse yobwera pa uthenga. Anthu aombera m'manja ndi tizithunzi. Namwino wina wa ku Macanga akufunsa ngati ng'ombeyo yavomera ngongole.

Ndinali kumwamba mpaka Josiyasi atalowa m'sala ndi kapepala, nkhope itagwa. Mayina a anthu amene anawatumizira linki. Wachisanu ndi chiwiri ndi Mana Felizarda. Nambala anaitenga mu grupu yanga, ndipo anawauza kuti ndi aplikasau imene mng'ono wawo akuidziwa.

Ndaimba. Sikulowa. Ndaimbanso mpaka batire latha, ndatchaja, ndaimbanso. Ndikungoona mayina a amayi aja akugulitsidwa kwa anthu otumiza mauthenga, mwamuna wina akutola foni ya mkazi wake n'kuwerenga dzina la mankhwala. Ndapempha mphunzitsi wina wa ku Chidzolomondo, amene ali mu grupu, kuti mawa m'mawa akafike ku postu, kachipatala kawo, akawauze Mana andiimbire. Akuti apita pa njinga.

Josiyasi sindinamukalipire. Ndangomuyang'ana mmene ndimayang'anira wophunzira wokopera mayeso.

Loweruka

Mana aimba cha m'ma desi ora, teni koloko m'mawa, ali pa kaphiri ka kuseri kwa zigafa za fodya, akupuma wefuwefu. Inde, akuti anaidina linkiyo Lachitatu. Ndafunsa kuti anavomera zinthu ziti itawapempha.

"Kupempha chiyani? Sinandifunse kanthu. Ikungozungulira."

"Ikuzungulira bwanji, Mana?"

"Kagudumu. Pansi pake palembedwa sesenta i um pur sentu. Kuyambira Lachitatu. Yandidyera mega zanga zonse."

Yaima pa 61 peresenti, sinamalize n'komwe kutsika! Rede ya ku Chidzolomondo, imene takhala tikuitukwana zaka zonsezi, yateteza odwala kuposa loko wa asilikali. Ndakuwa, nkhuku zathawa pakhonde.

Kuichotsa kwatitengera mafoni asanu, chifukwa Mana akangotembenuka kuti azembe mphepo, mawu amaduka. Pomaliza yachoka. Ndafunsa senya ya foni yawo. Akuti alibe, amaiwala. Taika, osati chaka chawo chobadwa, ngakhale anakakamira. Mayina a odwala akuti awasintha akhale zilembo zimene akuzidziwa okha. Asanatsike kaphiri akuti: "Ndiye ya iweyo yabwinoyo utumiza liti?" Ndati ndikadali kufufuza.

Masana ine ndi Josiyasi tazungulira Tsangano ndi kapepala kaja, kuchotsa loko wobiriwira m'mafoni a anthu. Iye akupepesa, ine ndikudina. Wogulitsa mabuku pamsika, mlembi wa ku administrasau, ku maofesi a boma, amayi ena ogula nyemba. Wina pa mndandanda ndi Senyor Diretori wa shikola yathu yemwe, ndipo anavomera zonse, mpaka maikolofoni. Atamva kuti foni yawo mwina imamvetsera, aiyang'anitsitsa foniyo ngati munthu amene akukumbukira zonse zimene wanena sabata ino za akuluakulu a ku distritu.

Pondithokoza andisankha kukhala pontu fokali, woyang'anira chitetezo cha mafoni pa shikola. Ndafunsa mwaulemu ngati udindowu uli ndi subsidiyu, kangachepe ka pamwamba pa malipiro. Akuti uli ndi ulemu waukulu.

Lamulungu

Mwayi watha lero, monga ananenera. Senyor Marselo wanditseka, chithunzi chake chasanduka kamutu kotuwa. Komisau palibe. Ku misa tapita wapansi, mphepo ikulowa m'juzi yakale yomweyo. Maporova a turma ziwiri ali m'katoni osachongedwa, sabata yonse sindinawakhudze.

Misa itatha sindinafike n'komwe pa geti. Nkhani yayenda, ndipo anthu andizungulira, aliyense foni m'manja:
- katekista, amene munthu wa ku Ulaya akufuna kumusiyira chuma
- mlimi wa kachewere amene wauzidwa kuti atumize kodigu, tinambala tachinsinsi, kuti nambala yake isatsekedwe
- mtsikana wa kwaya wofuna ndione ngati bwenzi lake la pa intaneti ndi dokotala weniweni (ndi bwana wa matiresi mng'ono wake)
- Josiyasi, ndi linki ina yatsopano, akuti ndiione kaye asanaitumize kwa wina aliyense

Onse ndawayankha, ndili chilili pa dzuwa, mimba ikulira. Palibe wawina kanthu. Ena achoka akuthokoza, ena achoka ngati ndine ndawalanda.

Omaliza ndi amayi ena achikulire, a mpango wa chigwirizano, amene anadikira onse athe. Andipatsa foni ndi manja awiri. Akuti alandira uthenga woti awina galimoto, ndipo adzukulu ayamba kale kukangana za amene adzakhale kutsogolo.

Ndawerenga. Ndati: "Pepani amayi, simunawine. Ndi akuba awa."

Agwedeza mutu, amvetsa. Foni sanailandire.

"Tayang'ananso bwinobwino, mwanawe."

Ndayang'ananso.