Uta wa m'chigafa cha apongozi

Anthu akandifunsa za dzino langa lobenthukali ndimati ndinagwa pa njinga ku Kamwendo. Bodza lenileni. Linabenthulidwa ndi uta, uta wosema ndekha.

Chinali chaka chimene tinavotera koyamba zipani zambiri, ine ndili mkamwini watsopano kwawo kwa akazi anga cha ku Kachebere. Anandipatsa munda wa m'tsinde mwa phiri (munda umene aliyense pamudzipo anaukana, ndinamva pambuyo pake), ndipo chimanga chitangobereka anyani anayamba kutsika ngati aitanidwa ku ukwati. Mkamwini wokolola zitsononkho sakhalitsa pamudzi. Ndiye ndinati ndiseme uta, anyaniwo adziwe kuti kwabwera mwamuna. Zoti sindinasemepo ngakhale mpini wa khasu sindinauze munthu.

Kuseri kwa mundawo kunali kankhalango kowirira, mitengo yake yowongoka bwino. Ndinadabwa kuti anthu osowa nkhuni chonchi akuisiyiranji. Ndinalowa, ndinadula kamtengo kamodzi, ndipo potembenuka ndinapunthwa pa mulu wa dothi. Pamwamba pake panali mbale yakale yobooka. Abale inu, anali manda! Manda akalekale a makolo a akazi anga.

Munthu wanzeru akanakaulula tsiku lomwelo. Ine ndinanyamula kamtengoko n'kukabisala nako m'chigafa chakale cha fodya cha apongozi anga aamuna, momwe munkakhala mdima ngakhale dzuwa lili paliwombo. Zikanamveka, kwanga kunali kumanga katundu, mkazi n'kumusiya ali ndi pakati.

Kusema uta si kupinda ndodo ayi. Ukaumanga nsinga umaukoloweka pa nsichi, n'kumakoka pang'onopang'ono, maso ali pa mbali ziwirizo kuti zikupinda mofanana kapena ayi. Mbali youma umaipala ndi chibenthu cha botolo. (Nzeru zimenezi ndinazitola kwa dalaivala wa thiraki pa boda, ataledzera.)

Wanga unkauma kumanja. Ndinapala, ndinapala, mpaka mtima unati basi. Ndinasesa pansi n'kupita kukalondera anyani. Pobwera masana, ndikoke nsinga, kumanja kwaumanso, kumanzere kwafewa. Ndiyang'ane pansi: nyenyeswa zatsopano, zonunkhira uwisi. Chonsecho ndinasesa ndi manja angawa.

"Kodi m'chigafamu mumalowa ndani?" ndinafunsa akazi anga.

"Chigafa chakugwacho? Makoswe. Nanga nkhope yagwa bwanji?"

"Ndi dzuwa," ndinatero.

M'mawa mwake ndinapalanso kumanja. Masana, nyenyeswa zina. Chibenthu ndinachisiya pansi, ndinachipeza chitasomekedwa m'udzu wa denga, pamwamba posafika khoswe wa nzeru zake. Utawo unkangoonda tsiku ndi tsiku ngati munthu wodwala kanthawi. Kamphepo kakalowa, nsinga inkalira yokha, ng'iii. Ndinayamba kuodira polowa m'chigafa chopanda munthu. Ndinafika pomalankhula ndi nsichi: "Pepani eni ake, ine ndikufuna anyani okha, ndikatha ndibweza."

Nsima ndinkangoiyang'ana. Akazi anga anayamba kuganiza kuti ndapeza wina ku Kamwendo.

Tsiku lina mutu unandiwawa, ndinaweruka msanga. Mudzi uli zii, anthu onse ali kuminda, ngakhale nkhuku sizinkaoneka. Nditayandikira chigafa ndinamva: khwee, khwee, khwee. Ndinasuzumira pa mpata wa udzu, ndipo mumdimamo munali chinthu chowerama, mutu wa mbuu, chitandifulatira, chikupala uta wanga mosafulumira.

Kuthawa kunandikanika. Ndinangogwada pakhomo n'kuyamba kulira mokweza ngati wa pa maliro.

"Agogo, ndikhululukireni! Sindinadziwe kuti ndi manda anu! Ndinadula kamodzi kokha!"

Kupala kuja kunaleka. Kenako chinthucho chinatsokomola, ndipo chifuwa chimenecho ndinkachidziwa. Anatuluka apongozi anga, uta uli m'manja.

Mudziwe kuti chikwatirireni, ine ndi iwo tinali tisanayang'anepo m'maso. Tikakumana panjira, ine ndinkapatukira kutchire. Ndiye ngakhale apa sanalankhule ndi ine, analankhula ndi nsichi ya pakhomo.

"Ine ndimaona mkamwini akupala mbali imodzi yokha. Kumuuza, manyazi. Ndimati ndizimuwongolera mwakachetechete, koma m'mawa uliwonse ndimapeza wakhotanso." Kenako anauyang'ana utawo. "Ati manda?"

"Manda," ndinayankha, nanenso ndikuyang'ana nsichiyo.

Anandiponyera utawo ngati wawaotcha. Ine ndinauwakha, ndipo chifukwa chosowa pogwira ndi manyazi, ndinakoka nsinga. Thyoo! Anthu awiri osadziwa ntchito tinali titaupala mpaka kutsala ngati phesi. Chidutswa chinandimenya pakamwa, magazi chuu.

"Eni manda akwiya!" anakuwa apongozi. Munthu wodandaula maondo chaka chonse, munthu wa kolona m'khosi, anadumpha mizere ya mbatata ngati gwape.

Kutacha tinakabweza zidutswazo kumanda, iwo patsogolo, ine pambuyo, wina osayang'ana mnzake. Anazigoneka bwinobwino pafupi ndi chitsa cha kamtengo kaja, n'kuuza chitsacho kuti nkhaniyi yathera pompano. Pobwerera tinapeza anyani atamaliza theka la munda.

Chaka chimenecho ndinakolola zochititsa manyazi, koma palibe ananena zondithamangitsa. Azakhali ena akangoyamba kuti mkamwini uyu ndi waulesi, apongozi ankawadula pakamwa: "Musiyeni, mwana waulemu ameneyu." Ulemu wanji? Ankaopa kuti ndikamangitsidwa katundu ndiwatchula, poti manja awo anapala nawo.

Phunziro lake ndi loti mlendo azifunsa asanadule mtengo, koma ine ndinaliphunzira dzino litapita kale. Apongozi tinawagoneka m'kankhalango komweko zaka zingapo zapitazo. Ndikhulupirira anafika n'kufotokoza okha mbali yawo, ndipo mmene ndimawadziwira, anakankhira zonse kwa mkamwini. Mlandu wanga ukundidikira.